Mabuku Khumi Amene Sanafike

Malemu anabadwa pa 9 Meyi 1956, oyamba m'banja la ana anayi. Awiri apakati anatsogola kale, ndiye wotsala ndine, mng'ono wawo wotsiriza, telala uja ambiri mumandiona pakhonde la sitolo ya zitsulo. Abale anandipatsa pepala loti ndiwerenge pano, lolembedwa bwino, la masiku okhaokha. Pepalalo likuchoka pa 2013 n'kukatera pa 2016, ngati kuti pakati apo malemu anali m'tulo. Ndikupempha abusa, akuluakulu a kukampani amene mwakhala pamipando kutsogoloku, ndi nonse amene mwabwera kudzalira nafe, mundilole ndinene ndi zimene pepalali ladumpha. Amene agona apawa anatha zaka khumi akufunafuna njira yobwerera kwa mwana wawo mmodzi yekhayo ndi mdzukulu wawo, ndipo mbiri yosanena zimenezo si yawo.

Anayamba sukulu mu 1963, ndipo analekezera kalasi yachisanu ndi chiwiri mu 1971 bambo athu atamwalira. Masamu ankakhoza ndithu, koma chimene aphunzitsi ankawakwapulira kawirikawiri chinali kujambula magalimoto kumbuyo kwa makope. Atasiya sukulu anagwira maganyu osiyanasiyana kuti ife ang'onoang'ono tisagone ndi njala. Makina osokera amene andidyetsa moyo wanga wonse anandigulira ndi iwowa, ndipo ndikufuna mukumbukire zimenezi pamene ndikupitiriza.

Mu 1974 analembedwa ntchito kukampani yokonza misewu, ntchito yake yothira girisi m'makina. Mu 1979 anapeza chiphaso choyendetsera giledala, makina aja osalaza msewu. Anzawo a kuntchito amene muli pano mundichitira umboni: malemu ankatha kuyang'ana msewu ndi diso limodzi, linalo atatsinzina, n'kunena pamene madzi adzaime mvula ikagwa, ndipo madzi ankaimadi pomwepo. N'chifukwa chake munawapatsa dzina loti a Levulo, potengera kachida kaja koyezera ngati chinthu chapendekeka, dzina limene linameza dzina lawo lenileni mpaka makalata ena ankabwera olembedwa choncho. Khalidwe la levulo linawatsata mpaka kunyumba. Ukakhomera kalendala mopendekeka ankayamba aiwongola, moni pambuyo.

Pa 15 Ogasiti 1981 anamanga banja ndi alamu anga, ndipo mu 1985 Mulungu anawapatsa mwana wamkazi. Sanawapatsenso wina. Ntchito ya misewu imasungira munthu kutali, m'misasa, moti mwanayo ankawaona bwinobwino bambo ake mu Disembala mokha, kampani ikatseka kuti anthu akadye Khrisimasi. Mu 1994 anawachotsa pa giledala n'kuwaika pa katapila, uja wa mkono umodzi wautali wokhala ndi chifosholo kumapeto. Pa makina amenewo ndi pamene luso lawo linamveka. Akuti tsiku lina ananyamula botolo lagalasi ndi mano a chifosholocho, n'kuliimika pamwamba pa mgolo osaliswa. Ine sindinaone, koma amene anaona ali pano, ndipo ndikuwaona akugwedeza mitu.

Alamu anga anatisiya pa 2 Juni 2009. Mwana wathu uja anali atakula, ali mphunzitsi wa sukulu ya mkaka. Banja lake silinakhalitse, koma anatsala ndi mwana wamkazi amene anabadwa mu Febuluwale 2011. Anadzimangira yekha nyumba ya zipinda zitatu m'mphepete mwa msewu waukulu, pang'onopang'ono, chaka chino zidina, chaka chamawa malata. Maziko ake anayeza ndi malemu omwewa, denga anakhoma nawo ndi manja awo. Kamdzukulu kaja kanali mtima wawo. Lamlungu lililonse masana ankakhala nako pakhonde la nyumbayo, iwo akusandutsa mkono wawo katapila, iko kakuwalamula ndi timanja kuti kumbani apa, tsitsani apo. Anakapatsa dzina loti Kapitawo, ndipo ankati ndi bwana yekhayo amene sanawatukwanepo.

Tsopano ndafika pamene pepala ladumpha. Mu 2014 boma linaganiza zokulitsa msewu uja, ndipo nyumba zonse za m'mphepete zinalembedwa mtanda wofiira pakhoma. Ya mwana wathu inali m'gulu lomwelo. Anthu anauzidwa kuti ali ndi nthawi mpaka kutha kwa Seputembala, koma makina anafika pa 11 Seputembala m'mawa, eni nyumba ambiri ali kuntchito, katundu ali m'nyumba. Kampani imene inapatsidwa ntchitoyo inali yomwe malemu ankagwirako ntchito. Akuluakulu amene mwakhala kutsogoloku, sindikutchula dzina la munthu, koma tsiku linasinthidwa ndi munthu wokhala ndi dzina.

Malemu anadziwa m'mawa womwewo kumene makina akulowera. Mzere wa nyumba ya mwana wawo unapatsidwa kwa woyendetsa wina, watsopano pantchito, wa dzanja lolemera, amene nyumba imodzi ankaimaliza m'mphindi khumi, malata, zitseko ndi mbale zonse n'kukhala mulu umodzi. Malemu anapita kwa woyang'anira ntchito n'kupempha kuti mzere umenewo awapatse iwo. Anauza anansi kuti athyole loko atulutse katundu, iwo akuzengereza dala panyumba yoyandikana nayo. Kenako anakola denga ndi chifosholo, analinyamula lathunthu, n'kukalitula pambali osapinda lata ngakhale limodzi. Anazula mafelemu a zitseko ndi a mazenera limodzilimodzi. Makoma anagwetsa pomaliza. Nyumba imeneyo inawatengera maola atatu, ndipo analandira kalata yowachenjeza chifukwa chochedwetsa ntchito. Malata amenewo ndi amene afolera nyumba imene mwana wathu akukhala lero.

Koma mwanayo zonsezo sanazione. Atamva uthenga anathamanga kuchokera kusukulu, Kapitawo ali kumsana, ndipo anafika khoma lomaliza likugwa. Atakweza maso anaona bambo ake ali pampando wa makinawo, manja ali pazitsulo. Malemu sanatsike. Ndinawafunsa pambuyo pake chifukwa chimene sanatsikire, ndipo anandiyankha kuti miyendo inakana. Ndinapita kukamufotokozera mwanayo za denga, za mafelemu, za maola atatu aja. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati woyendetsa makina wabwino wamuona, koma bambo akanazimitsa injini n'kudzaima naye pafumbipo. Anasamukira mbali ina ya tauni, ulendo wa maminibasi awiri okha, ndipo anasiya kuyankha foni ya bambo ake.

Malemu sanali munthu wa pakamwa. Kupepesa ndi mawu kunkawavuta kuposa kukumba mwala. Chimene chinkawadya kwambiri chinali chakuti kamwana kaja kanaona makina amene kankawakonda akugwetsa chipinda chake. Mu Disembala chaka chomwecho, kampani itatseka, anabwera pakhonde langa ndi mapepala khumi ndi awiri, odulidwa ku mapulani akale a misewu, ojambulidwa kumbuyo kwake ndi makrayoni. Linali buku la ana. Nkhani yake inali ya giledala amene anasalaza msewu wokumbika kuti basi yodzaza ana ikafike kwawo Khrisimasi isanakwane. Tsamba lililonse linali ndi chithunzi chachikulu ndi mawu atatu kapena anayi m'munsi, zilembo zikuluzikulu. Anandiuza kuti ndilisoke pakati ndi singano ya jinzi, chikuto ndipange cha katoni n'kuchikuta ndi nsalu zotsala. Ndinawauza kuti giledala wa m'buku la ana amafuna maso ndi kamwa yomwetulira. Anakana, amvekere nyali zake ndiwo maso, ndipo mwana sanamizidwa. Mabawuti a tayala lililonse anali okwanira monga alili pa makina enieni, mukhoza kuwerenga.

Popeza ine ndinali ndikulowabe m'nyumba ya mwana wathu, anandituma kuti ndikapereke. Ndinapita pa 23 Disembala 2014. Anaona zolemba za bambo ake paphukusi, ndipo anandibwezera osamasula. Pobwerera ndinawapeza achimwene atakhala pabenchi la pakhonde langa, atavala malaya a kutchalitchi ngati kuti ndi iwo amene amapita. Anadzuka n'kundiyang'ana kumanja. Buku linali m'chikwama. Ndinawauza kuti alandira.

Limenelo ndilo bodza langa loyamba, ndipo ndinalitcha chifundo. Ndinaika bukulo m'sutukesi yachitsulo pansi pa tebulo langa lodulira nsalu, ndikudziuza kuti mtima wa mwanayo ukazizira ndidzapereka mwakachetechete, palibe adzadziwe. Achimwene anafunsa ngati angapite okha kukaona mdzukulu. Ndinawauza kuti ayi, mabuku akulandira koma nkhope yanu sanakonzeke kuiona, dikirani akuitanani. Anati chabwino, adikira. Kwa munthu amene anazolowera kuyembekezera chizindikiro cha dzanja asanatsitse chifosholo, kudikira sikunali kovuta.

Mu Disembala 2015 anabweretsa buku lachiwiri, la kileni yokwezera katundu m'mwamba imene inakweza nyenyezi pamwamba pa nsanja ya tchalitchi. Nalonso linabwezedwa. Ulendo umenewo achimwene sanakhutire ndi mawu akuti alandira. Anafuna kudziwa zimene Kapitawo wanena. Ndinati waseka kwambiri, ndipo wati chaka chamawa akufuna tipa, lole yonyamula mchenga ija, koma ikhale yofiira. Mawu amenewo anangotuluka okha, sindikudziwa kumene ndinawatola. Achimwene anavula chipewa, n'kupukuta kumaso, ndipo tsiku lomwelo anakagula makrayoni ena chifukwa lofiira linali litatha.

Mu Epulo 2016 anapuma pantchito atagwira zaka makumi anayi ndi ziwiri. Kampani inawapatsa wotchi yapakhoma ndi ovololo yatsopano, mwina yoti azivala pokhala pakhonde. Mu Disembala chaka chimenecho anamaliza buku la tipa yofiira imene inanyamula mabaluni m'malo mwa mchenga, n'kukawakhuthula pabwalo la ana. Nditafika nalo, mwana wathu sanandibwezere msanga ngati kale. Analigwira kanthawi, akulisisita chikuto, kenako anandipatsa. Anati: Bambo aang'ono, mukawauze bambo kuti ine sindikufuna phukusi. Miyendo ali nayo, abwere okha adzagogode, ndiwatsegulira.

Anthu a Mulungu, uthenga umene achimwene anaudikira zaka ziwiri ndinali nawo m'kamwa mwanga. Koma akanapita, chinthu choyamba akanafunsa za giledala ndi kileni, ndipo zikanadziwika kuti mng'ono wawo wakhala akuwanamiza. Ndinachita manyazi. Ndinati ndiyambe ndapeza njira yabwino yowauzira, mwina Chaka Chatsopano chikadutsa. Januwale anadutsa, Febuluwale anadutsa. Akulu anati zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo ine ndinazengereza zaka zisanu ndi zitatu. Mwana wathu ataona kuti bambo ake sakubwera, anangoti ndi kunyada kwawo, anasiya kufunsa. Ine ndinayamba kumuzemba. Kuyambira 2017 sindinapitenso kwake. Ndinkakwera minibasi ndi phukusi, achimwene akundiona, n'kukatsika pamsika, kukhala kwa mnzanga wogulitsa mabatani mpaka dzuwa litapendeka, n'kubwerera ndi nkhani.

Ndipo nkhani ndinali nazo. Chaka china ndinati Kapitawo akufuna makina osakaniza simenti, ndipo malemu anajambula makina amene anasakaniza keke ya tauni yonse. Chaka china ndinati wafunsa za makina odinda msewu aja a chitayala chachitsulo, ndipo anajambula mmene anachedwera kuphwando chifukwa choyenda pang'onopang'ono, koma anzake anamudikira osayamba kudya. Ankayamba kujambula mu Okutobala, patebulo la pabalaza, magalasi ali pamphuno, tsamba limodzi sabata yathunthu. Maso atayamba kuvuta ankatulutsa tebulolo panja kuti aone bwino. M'mabuku onse khumi munalowa makina onse a pamsewu kupatula katapila. Mu 2021 chikumbumtima chinandiluma, ndinayesa kuwaletsa, ndinati achimwene, mwana uja wakula, ali ndi zaka khumi, mabuku a mawu anayi patsamba si msinkhu wake. Anandiyang'ana modabwa, n'kunena kuti nanga si iwe wemwe umati amawakonda. Nalonso ndinalisoka.

Malemu anayamba kudandaula za m'chifuwa mu Julayi 2024. Pa 28 Okutobala anagonekedwa m'chipatala, ndipo madokotala anatiuza kuti mtima watupa, tisayembekezere zambiri. Amayi a kutchalitchi, osandifunsa ine, anapita kukamuuza mwana wathu. Anachita bwino. Pa 3 Novembala, nthawi yoona odwala ya masana, ndili pambali pa bedi ndikuwamwetsa madzi, mwana wathu analowa m'wodimo ndi mtsikana wamtali wa zaka khumi ndi zitatu, wovala yunifolomu. Malemu anayesa kudzuka. Anaitana kuti Kapitawo, ndipo mtsikanayo anacheuka kumbuyo kuona amene akuitanidwa.

Mwana wathu anagwada pambali pa bedi, anagwira dzanja la bambo ake, ndipo onse awiri analira. Ine ndinayamba kuganiza kuti mwina Mulungu andibisa. Koma malemu atapeza mpweya anatembenukira kwa mdzukulu wawo, akumwetulira, n'kumufunsa ngati tipa ija inafiira mmene ankafunira. Mtsikanayo anayang'ana mayi ake. Mwaulemu wake anafunsa kuti tipa yake iti, agogo. Mayi ake anati: Bambo, ine sindinalandirepo buku ngakhale limodzi. Ndinakutumizirani mawu kuti mubwere nokha, ndipo Disembala aliyense ndinkasesa pakhomo kudikira inu.

Malemu sanakalipe. Anatembenuza mutu pang'onopang'ono n'kundiyang'ana, diso limodzi atatsinzina pang'ono, ndipo anandiuza mawu awiri okha: Pita ukatenge. Ndinapita. Nditabwerako ndi sutukesi ija nthawi yoona odwala inali itatha, ndipo mlonda anandibweza pachipata. M'mawa mwake ndinawapeza atasiya kuyankhula. Mwana wawo sanachoke pambali pawo masiku atatu otsatira, akuwapukuta, akuwatembenuza, akuwauza zonse za zaka khumi zimene sanazimve. Ankamutsata ndi maso kulikonse kumene wapita m'chipindamo. Ine ndikalowa ankayang'ana kukhoma. Anatisiya pa 7 Novembala 2024 nthawi ya 10 koloko m'mawa, ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu ndi zitatu.

Dzulo mdzukulu uja anatsegula sutukesi. Anawerenga mabuku onse khumi madzi a tiyi asanawire. Anati ndi okongola, ndipo anafunsa mayi ake ngati agogo ankadziwa kuti iye ali kusekondale. Za nyumba imene inagwetsedwa sakukumbukira chilichonse, ndipo makina sanawaopepo. Mwana amene mabukuwa anamulembera anakula n'kutha mabukuwo ali kudikira m'sutukesi yanga. Abale ena anandiuza kuti zimenezi si zonena pamaliro, tidzakambirane patokha. Ndikudziwa bwino kukambirana kwa patokha kumene kumathera, ndakhala katswiri wake zaka khumi. Mwa inu muli ena amene mwakhala mukunong'ona kuti mwana wathu ndi wouma mtima, anataya bambo ake. Muli enanso amene mumati malemu anali onyada. Kuyambira lero, mukafuna munthu womunena, telala ndi uyu waima apa.

Malemu asiya mwana mmodzi wamkazi ndi mdzukulu mmodzi. Asiyanso mng'ono mmodzi, ngati mwana wathu angalole kuti ndiwerengedwe. Amati chibale ndi fupa sichiola, koma ameneyo ndi mwambi wosayenera kutuluka m'kamwa mwanga, ndiusiya kwa iye.

M'malo mwa banja ndikuthokoza anamwino ndi madokotala amene anawasamalira, abusa ndi a kwaya, anansi amene mwatisunga masiku onsewa, ndi achinyamata amene mwakumba manda ndi manja anu. Ndikuthokoza mwapadera amayi a kutchalitchi amene munayenda ulendo wa maminibasi awiri umene unandikanika ine. Masiku anayi amene bambo ndi mwana anakhala limodzi ndi mphatso yanu. A kukampani, nkhata yanu ya maluwa taiona, ndi yaikulu ndithu. Munadziperekanso kutitumizira katapila kuti adzakumbe manda, ndipo tikukhulupirira kuti mwamvetsa chifukwa chimene tinakanira. Anzawo a pamakina amene mwabwera ndi maovololo anu, inu ndiye mwatitonthoza.

Achimwene, a Levulo, munandigulira makina oti ndizidyera, ndipo ine ndinasokera pomwepo mabuku anu n'kuwatsekera. Sindikupemphani kuti mundikhululukire, nthawi yopempha ndinali nayo yambiri. Zaka khumi munkagona tulo tabwino chifukwa cha mtendere umene ndinkakubweretserani m'chikwama, ndipo unali wabodza. Kumene mukupitako, Mulungu akupatseni weniweni.